Thanki Inafika pa Maliro Ine Ndisanafike

Mpaka lero sindidutsa kanjira ka kuseri kwa nyumba ya a Nyirenda ku Makandanyama. Ndimazungulira, ngakhale mvula ikugwa. Ana a kumeneko akandiona amayamba kugubuduza chidebe, makolo awo n'kumayang'ana kumbali ngati sakuona kanthu. Ndiye ndati ndifotokoze ndekha, chifukwa nkhani imene ikuyenda m'komboni yathiridwa mchere wambiri (ena akuti mathanki anali khumi, ena akuti bokosi la maliro linagubuduzika, chonsecho mtembo unali utatengedwa kale kupita kuchipatala).

Ndinayendetsa vani zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pakampani imodzi kuno ku Kabwe. Kwa amene simudziwa, vani ndi thiraki ija ya bokosi lotseka kumbuyo. Anthu ena amapakira shuga, sopo, mabisiketi ndi mafuta ophikira, n'kutseka zitseko. Iwe umangosaina mapepala, kukwera, n'kumapita. Katundu sumugwira, fumbi silikufika. Ndinkapita kuntchito nditavala thalauza losita ndi nsapato zopolisha, moti ena ankayesa ndimagwira muofesi. Sindinkawawongolera.

Chaka chatha kampani inataya ntchito yonyamula katundu wa m'masitolo. Mavani anagulitsidwa, n'kutsala awiri okha. Ine ndinadziwa kuti imodzi ndi yanga. Ndani wina? Sindinagundepo ngakhale nkhuku. Koma mavani awiriwo anapatsidwa kwa madalaivala amene amadziwa kuseka nthabwala za bwana manijala nthabwalayo isanathe. Ine manijalayo anandiitana muofesi, osandiuza n'komwe kuti ndikhale pansi.

"Mudala, manje nchito ili ku fulatibedi," anatero akuyang'ana foni yake. "Koma ni ya mphamvu. Kukwela, kumanga, kuvinikila na tenti. Ngati simungakwanise, kambani, tizaona za kupumula."

Mawu akuti kupumula ndi amene anandiononga. Munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wa ana awiri kusukulu, ukamva mawu amenewo magazi amathamangira kumutu.

"Fulatibedi ndinayendetsapo kale," ndinayankha. "Inu musanabwere."

Zoona zake n'zakuti fulatibedi ndinakwerapo kamodzi, kumbuyo, ndili mnyamata, tikupita kumpira. Fulatibedi ndi thiraki yopanda bokosi, thandala chabe. Katundu amakhala poyera, ndipo chimene chimamuletsa kugwa ndi malamba, matcheni ndi nzeru za amene wamanga.

Manijala anati ndiyambe ndakhala masiku atatu ndi Ba Mwape kuti andikumbutse. Ba Mwape ndi mayi wamfupi amene amayang'anira zopakira ndi zomanga katundu pabwalo la kampani. Zaka zonsezi ndinkawadutsa ndi moni wa kumphuno, chifukwa ife a mavani tinkati anthu a malamba ndi anthu a thukuta. Ndiye ine ndikayime kumbuyo kwa mayi ameneyo, akundiphunzitsa kumanga, madalaivala anzanga akuonerera? Ndinati sikofunika. Manijala anangokweza mapewa.

Ulendo wanga woyamba unali Lachitatu, m'mwezi wa Ogasiti, nyengo ija mphepo imanyamula fumbi la Kabwe yense n'kumalithira m'maso mwa anthu. Ndinachoka kunyumba mbandakucha. Ovolosi anali asanandipatse, ati saizi yanga kulibe m'sitolo (mimba ya zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za pampando sipeza saizi msanga). Choncho ndinali mu thalauza langa losita lija.

Nditangofika pabwalo foni inalira. Anali a Tembo, mkulu wa mpingo mnzanga ku Reformed.

"Atate a Dalitso, a Nyirenda atisiya m'mawa uno. Bwerani msanga. Amayi Nyirenda akufunsa inu."

Apa ndiyenera kunena za a Nyirenda. Iwo ndi malemu bambo anga anachokera limodzi ku Malawi kudzagwira ntchito pamgodi. Bambo atamwalira, a Nyirenda ndi amene anakandilankhulira ukwati. Ana awo enieni ali kutali, wina ku Kitwe, wina ku Chipata. Pakhomo paja mwana wamwamuna wapafupi ndinali ine. Ndinkadziwa bwino kuti malo anga tsiku limenelo anali pakhomo pa maliro. Koma ndinaona nkhope ya manijala m'maganizo, akunena kuti mudala wathawa tsiku loyamba. Ndipo ndikanati ndili pabwalo pompano, a Tembo akanabwera okha kudzandipemphera chilolezo. Ndimawadziwa.

"Pepani kwambiri," ndinatero. "Ine ndili ku Ndola. Ndinanyamuka dzulo. Ndifika Lachisanu."

Kenako ndinaimbira amake Dalitso, mkazi wanga, kuti akafunsidwa anene chimodzimodzi. Anangoti, "Chabwino," n'kudula.

Katundu wanga anali mathanki asanu ndi imodzi a madzi, apulasitiki, obiriwira, aakulu kuposa munthu. Ankapita kufamu ina kupitirira Mpima. Opakira anawagoneka chopingasa pathandala, wina kumbuyo kwa mnzake. Ba Mwape anabwera ndi malamba khumi ndi awiri ndi mulu wa timatabwa tosongoka.

"Mwashibukeni, mudala. Tanki iliyonse malamba yabili. Na tumapulanga utu mufake pansi, uku na uku, kuti isagubuduke."

"Mayi, ndikupita pa Mpima pomwepa, osati ku Dar es Salaam."

"Tanki siziba kuti muyenda kuti," anatero.

Ndinatenga lamba. Lamba ali ndi mbedza yachitsulo kumapeto. Amene amadziwa amakoleka mbedzayo mbali yake, n'kuponya mpukutu wa lambayo pamwamba pa katundu. Ine ndinagwira mbedza n'kuiponya ndi mphamvu zonse. Inagunda mimba ya thanki, n'kubwerera ngati yatumidwa, n'kundipeza pamlomo. Ndinamva mchere m'kamwa. Opakira awiri mwadzidzidzi anapeza chosangalatsa kumwamba.

"Muponya mpukutu, osati nsimbi," anatero Ba Mwape, mawu osakwera, osatsika.

"Yandipulumuka chabe."

Nthawi yomweyo anawaitana kuti akaone thiraki ina imene inapendekeka katundu kugeti. Pochoka anandilozera chala. "Musachoke nikalibe kubwela. Nifuna nione."

Atangochoka ndinati ino ndi nthawi yanga. Ndinaponya malamba atatu, lamba mmodzi kugwira mathanki awiri, mopingasa (panthawiyo ndinkaona ngati ndatulukira nzeru imene anthu a fulatibedi anali asanaiganizire). Ndinakoka mpaka malamba kulira. Timatabwa tija ndinatiponya m'bokosi la zipangizo, chifukwa kuti utiike uyenera kugwada, ndipo mawondo anga anasiya kalekale kugwirizana nane. Lamba wakumbuyo anapotoka pamwamba, ndiye ndinakwera pathandala kukamuwongola. Kukwera ndinakwera, movutikira. Potsika ndinati ndidumphe ngati mmene ndinaonera anzanga akuchitira.

M'mbali mwa thandala muli timbedza tokolekapo zingwe za tenti. Kamodzi kanagwira thalauza langa kumbuyo. Ine ndinafika pansi, koma mbali ina ya thalauza inatsala kaye m'mwamba. Linang'ambika kuchokera palamba mpaka kuseri kwa bondo, osati pamsoko ayi, koma chibenthu chonse chikulendewera. Mkati ndinali ndi kabudula uja amake Dalitso anandiuza katatu kuti nditaye.

Ndinayang'ana kugeti. Ba Mwape anali akubwerera, chapatali. Ndinali ndi zosankha ziwiri. Kuima pamenepo, mlomo uli ndutu, kumbuyo kuli pamtetete, mayi uja n'kumasula zonse ndamanga pamaso pa anthu. Kapena kuchoka. Ndinakwera chammbali ngati nkhanu, ndinaliza injini, ndipo ndinawadutsa ndikuwaimikira dzanja ngati zonse zili bwino. Pagalasi ndinawaona akundikodola ndi manja onse awiri. Ndinaponda mafuta.

Mumsewu ndi mmene ndinayamba kuganiza. Kufamu ndiyenera kutsika, kupereka mapepala, kumasula katundu. Ndi thalauza ili? Nyumba yanga inali pafupi. Ndinati ndingopatuka pang'ono, ndisinthe, palibe adziwe. Vuto linali limodzi: msewu waukulu wolowera kwathu umadutsa pakhomo pa a Nyirenda penipeni, ndipo ine ndinali ku Ndola. Kusiya thiraki kumsewu wa tara n'kuyenda wapansi sikukanatheka, pokhapokha ndikanafuna kuti komboni yonse idziwe mtundu wa kabudula wanga. Ndiye ndinalowera msewu wakuseri, wafumbi, umene umadutsa kumtunda kwa nyumba zija n'kukatulukira pafupi ndi kwathu.

Pamsewu umenewo pali paipi imene inaphulika kalekale, ndipo madzi anakumba ngalande yopingasa. Ndi vani ndikanadutsa osaganiza n'komwe. Katundu wa m'vani akagwedezeka amagunda khoma n'kukhala. Zaka zonsezo sindinayang'anepo katundu pagalasi, chifukwa panalibe choti ndione. Ndinatsitsa matayala akutsogolo bwinobwino. Akumbuyo atalowa, thiraki inapendekeka n'kudzuka mwamphamvu, ndipo ndinamva kulira ngati kwa ng'oma yaikulu.

Nditayang'ana pagalasi ndinaona thanki yakumbuyo ili pansi, ikudumpha. Inazungulira pang'ono ngati ikusankha kolowera. Kenako mphepo inaigwira. Pamenepo pali kanjira kotsetsereka pang'ono pakati pa nyumba ziwiri, ndipo ine ndinkadziwa bwino kumene kanjirako kamathera.

Ndinamanga buleki, ndinatsika, ndinayamba kuthamanga, dzanja limodzi lili kumbuyo kugwira chibenthu cha thalauza, lina likukupiza ngati thanki ili ndi makutu. Munthu wa msinkhu wanga ndi mimba yanga sathamanga, amangofulumira mokwiya. Thanki inkanditaya. Kutsogolo ndinkamva amayi akuimba nyimbo ya maliro, ndipo nyimboyo inkayandikira.

Chimene ndinaiwala n'chakuti lamba uja ankagwira mathanki awiri. Mayi wina wogulitsa tomato pampanda anakuwa m'Chibemba, "Ba tata, ku numa!" Ankatanthauza kumbuyo, koma ndinacheuka mochedwa. Thanki yachiwiri inali pamsana panga. Thanki yopanda madzi si yolemera kwambiri, koma ndi yaikulu, ndipo ilibe ulemu. Inandikankha, miyendo n'kupitirira kuthamanga yokha, mpaka ndinatulukira pabwalo la a Nyirenda ndi nkhope, manja onse awiri ali kutsogolo. Thankiyo inakatsamira pamtengo wa mango.

Yoyamba ija inali itagwira kale ntchito yake. Amuna anali atakhala pansi pa tenti imene inaimikidwa ndi mitengo. Thanki inathyola mtengo wapakona, tenti yonse n'kugwera anthu. Ndinamva pambuyo pake kuti nthawi imeneyo a Tembo anali ataimirira, akufotokozera anthu kuti mwana wa pakhomopo, mkulu wa mpingo, ali ku Ndola pantchito, koma watumiza mawu achipepeso ndipo mtima wake uli nafe.

Mulungu anachita chifundo, palibe anavulala. Benchi imodzi inathyoka, ndipo magalasi a mkulu wina anasweka. Amuna anayamba kutuluka pansi pa tenti chokwawa, mmodzimmodzi, fumbi lili mbuu. Nyimbo inali itasiya. Amayi anatuluka m'nyumba n'kuima pakhonde. Ine ndinali chigonere chafufumimba pakati pa bwalo, ndipo mphepo ya Ogasiti inandiuza kuti dzanja langa silikugwiranso thalauza.

A Tembo anatuluka omaliza, Baibulo lili m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumene kunali koonekera.

"Atate a Dalitso," anatero. "Mwabwerako ku Ndola."

Palibe anaseka. Kunena zoona, akanaseka bwenzi zili bwino. Pamaliro anthu amaugwira mtima, ndiye kuseka konse kumene anakumeza tsiku limenelo akukulipira pang'onopang'ono mpaka lero.

Amake Dalitso anatsika pakhonde. Anamasula chitenje chapamwamba, anandidzutsa, n'kundimanga m'chiuno ngati mmene amamangira mwana wodziwonongera. Pomanga mfundo anayandikira khutu langa.

"Ndawauza amayi kuti muli ku Ndola. Kawiri. Kachiwiriko anandigwira dzanja."

Anabwerera m'nyumba osacheuka.

Mathiraki athu ali ndi kachipangizo kamene kamaonetsa kuofesi pamene uli (ichinso ndinachiiwala, chifukwa m'zaka zanga zonse ndinali ndisanapatukepo). Pasanathe theka la ola galimoto ya manijala inafika. Anatsika manijala, Ba Mwape, ndi dalaivala wina. Manijala anayamba kulankhula asanatseke chitseko. Ba Mwape anamugwira mkono.

"Bwana, pano ni pa malilo."

Anavula chipewa chawo, anabwereka chitenje kwa mayi wina, n'kuchimanga pamwamba pa ovolosi. Analowa m'nyumba, anagwada, anapepesa amayi Nyirenda, anthu amene sanawadziwe n'komwe. Ine amene ndinakulira pakhomo limenelo ndinali ndisanalowe. Ndinali chiimire pansi pa mango, pafupi ndi thanki yanga, nditavala chitenje cha maluwa ndi nsapato zopolisha.

Ba Mwape atatuluka anapempha amuna anayi. Poyamba anaimika tenti, ndipo anaimanga bwino kuposa mmene inalili. Kenako anagubuduza mathanki kukwera kanjira kaja, anawakweza pathandala, anatulutsa timatabwa m'bokosi mmene ndinatiponya. Sanandifunse chifukwa chake tinali m'menemo. Anangondipatsa mbedza.

"Gwilani apa, mudala. Kolekani pansi. Manje onani."

Ndinaona, komboni yonse nayonso ikuona. Mpukutu unauluka pamwamba pa thanki n'kugwera mbali inayo mwaulemu. Malamba awiri thanki iliyonse. Ndikanakonda akananditukwana. Munthu akakutukwana umapeza pomugwira, umati nayenso ndi wamwano. Koma mayi uja sanandipatse ngakhale kamwano kamodzi koti ndizikadandaula nako kunyumba.

Thiraki anapita nayo dalaivala wina uja. Manijala anandiuza kuti ndikamupeze muofesi Lolemba, ndipo anawonjezera mokweza kuti ndibwere nditavala.

Maliro tinaika Lachisanu ndithu. Ana a malemu anafika, anamva nkhani, ndipo panalibe amene anandipempha kugwira bokosi. Ndinaima kumbuyo pamodzi ndi anthu odutsa. Kumpingo akulu anzanga anakhala pansi n'kugwirizana kuti ndipume kaye pa udindo. Sananene za thanki. Ananena za lilime.

Kuntchito anandipatsa kalata yochenjeza, ndi masabata awiri kumbuyo kwa Ba Mwape, m'malo mwa masiku atatu aja. Ndinanyamula timatabwa, ndinapinda matenti, ndinaphunzira kuti lamba amamasuka ukayenda pang'ono, ndiye umaima n'kukokanso. Manja anga anatuluka matuza, kenako zikang'a. Ovolosi ya saizi yanga inapezeka tsiku lotsatira lomwelo, kusonyeza kuti inalipo nthawi yonseyi. Amene anapatsidwa mavani aja amandidutsa m'mawa nditakwera pamwamba pa matumba a feteleza, ndikulimbana ndi tenti, n'kundiimbira hutala. Mmodzi wa iwo anagunda geti mwezi watha. Akadali pa vani.

Panapita masabata atatu ndisanalimbe mtima kupita kwa amayi Nyirenda. Ndinawapeza masana atakhala pamphasa pakhonde, akusankha nyemba. Ndinakhala pansi chapatali. Ndinayamba kufotokoza za malamba, za ngalande, za mphepo, za benchi imene ndidzakonze. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Bambo ako akanakhala moyo akanaseka mpaka kutsokomola," anatero. "Ankakonda zoterezi. Thanki si mlandu, mwana wanga. Chinthu chozungulira chimagubuduzika."

Ndinayamba kupuma bwino. Iwo anapitiriza kusankha nyemba, osandiyang'ana.

"Koma m'mawa muja, atangotseka maso, m'nyumba muno munalibe mwamuna. Ndinati itanani mwana wanga. Anandiuza kuti uli ku Ndola, ndipo ndinakupempherera kuti uyende bwino pamsewu. Iwe uli pompano."

Ananditumiza kuti ndikawatungire madzi kumpopi, ndinatunga, ndinatsanzika. Amandilandirabe ndikapita, koma chikavuta pakhomo paja masiku ano amaitana a Tembo.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, kumanga katundu ndimamanga bwino tsopano, mwina kuposa ena amene anayamba kale. Ba Mwape ndimawapatsa moni wa manja awiri. Zinazo sindikudziwa. Ndikakhala pansi kuti ndiganize bwinobwino za kulakwa kwanga, ndimayamba bwino ndithu, koma ndisanafike patali ndimapezeka ndafika pa manijala, kuti akanandisiyira vani yanga zonsezi sizikanachitika. Ndipo amake Dalitso akangomva ndatchula manijala, amanyamula mpando wawo n'kukakhala panja.